Dengu la Mphatso la pa Khirisimasi: Kukonzera Abale Ovuta Kuwakondweretsa

Nyengo yake

Mwezi wa Disembala umapeza mabanja ambiri a m'malokeshoni a Lilongwe, monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, ali ndi kandalama m'manja komanso ali ndi abale ambiri oyenera kukumbukiridwa. Magulu ochuluka a banki m'khonde, amene mamembala ake amasonkha ndi kubwereketsana ndalama chaka chonse, amagawana masheya m'mwezi umenewu, ndipo ena apantchito amalandira malipiro awo Khirisimasi isanakwane. Koma ndi mwezi womwewonso umene chimanga chimakwera mtengo chifukwa nkhokwe zapepuka, kumunda kukufunika feteleza wobereketsa, ndipo fizi ya teremu yachiwiri ikudikira kumayambiriro a Januwale. Mphatso iliyonse yotuluka pakhomo nyengo imeneyi imakhala italanda malo a chinthu china chofunika, n'chifukwa chake zimawawa kwambiri wolandira akaiyang'ana ndi diso lozizira.

Dengu la mphatso, m'kabuku kano, ndi chotengera chilichonse chimene banja laikamo zinthu zingapo zosankhidwa ndi cholinga, zina zogula pamsika ndi zina zopanga pakhomo, n'kukapereka kwa munthu mmodzi kapena khomo limodzi. Mchitidwewu si wachilendo kuno, pakuti kuyambira kale mtengwa sankapita kwa apongozi ake chimanjamanja, ndipo pa chinkhoswe mbali ziwiri zimapatsana tambala ndi msoti, lichero, mthiko, chipande, khasu ndi nkhwangwa, zinthu zimene aliyense wopenya amadziwa tanthauzo lake popanda womuuza. Chimene chabwera posachedwa ndi madengu okonzeratu a m'masitolo akuluakulu, okutidwa ndi pulasitiki wonyezimira, odzaza mabisiketi, maswiti ndi zakumwa, amene mtengo wake unathawa anthu ambiri makamaka kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Dengu lokonzedwa pakhomo limatsikirapo mtengo, koma ubwino wake waukulu uli poti wokonza amaikamo zimene iye akudziwa za wolandirayo, zimene wasitolo sangazidziwe.

Amene amatchedwa wovuta

Pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu amene mphatso siimufika pamtima: apongozi amene amatambasula chitenje n'kuchipinda osanena kanthu, malume amene amafunsa kumene chagulidwa, mlamu amene amayerekeza chake ndi cha mnzake, kapena achemwali a ku Area 47 amene m'nyumba mwawo muli kale zonse zimene wa ku Chinsapo angakwanitse kugula. Anthu amafulumira kunena kuti wotereyu ndi wadyera kapena wosayamika, ndipo alipodi ena otero, koma ochuluka mwa iwo khalidwe lawo ndi lakuti amawerenga mphatso ngati kalata, kufuna kuona ngati woperekayo akuwadziwa ndiponso malo amene wawaika m'banjamo. Paketi ya shuga yopita kwa apongozi odwala matenda a shuga imawauza kuti mkamwini sadziwa n'komwe za matenda awo. Sopo ndi mchere zokhazokha, zopita kwa malume amene anali mphunzitsi wamkulu ndipo akulandira penshoni, zimawauza kuti mphwawo wayamba kuwawerengera m'gulu la ofuna chithandizo. Mphatso yofanana ndendende ndi imene yapita kwa woyandikana naye nyumba imauza kholo kuti lilibe mpando wapadera.

Zikatero kuchulutsa katundu sikuthandiza, ndipo nthawi zina kumaonjezera vuto, chifukwa m'dengu lodzaza zinthu khumi zosaganiziridwa munthu wamaso sangalephere kupezamo chimodzi chomukhumudwitsa. Dengu loyenera munthu wotere limakhala ndi zinthu zochepa: chinthu chimodzi chachikulu chimene iye amagwiritsa ntchito kawirikawiri koma chabwino kuposa chimene amadzigulira yekha, chimodzi kapena ziwiri zopangidwa ndi manja a woperekayo, ndi chotengera chimene chidzapitirize kugwira ntchito zakudya zikadzatha.

Kufufuza ndi kuwerengera ndalama

Ntchito ya dengu imayamba mu Okutobala kapena Novembala, ndipo imayamba ndi maso ndi makutu, ndalama zisanatuluke. Pachikhalidwe cha Achewa mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana ulemu wopewana, ndipo ngakhale mwambowu wafooka m'tauni, sizikhalabe zoyenera kuti mkamwini akafunse maso ndi maso chimene apongozi akufuna. Ofunsidwa ndi ena: mwana wawo amene ali pabanjapo, alamu amene mwambo umalola kuseka nawo momasuka, ndi adzukulu, amene agogo sawabisira kanthu. Wopita kukacheza aone tiyi amene amamwedwa pakhomopo, ndiwo imene imayamikiridwa, mankhwala amene ali pashelefu, ndi ziwiya zimene zatopa, monga lichero lothothoka mkombero, ketulo yodontha kapena tochi yomangidwa ndi mphira.

Munthu wodandaula savuta kumukonzera ngati mmene amavutira munthu wachete, pakuti madandaulo ake amatchula okha chimene akusowa. Agogo amene chaka chonse akhala akunena kuti mpunga wa masiku ano sununkhira, kapena kuti chiponde cha m'sitolo chimangomveka shuga, anena kale chimene chiyenera kulowa m'dengu mwawo.

Ndalama ya mphatso iyenera kukhala yotsala banja litapatula kale lendi, fizi ndi zofunika kumunda, ndipo mphatso yogulidwa ndi ndalama ya katapila, ndiye kuti ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu ya kwa anthu wamba, imasanduka mkangano wa m'nyumba mu Januwale. Mwamuna ndi mkazi agwirizane poyera za madengu onse awiri, la kuchimuna ndi la kuchikazi, chifukwa nkhani ya chimene chapita mbali inayo siichedwa kumveka, ndipo ankhoswe ambiri anaweruzapo milandu imene gwero lake linali thumba la mpunga. Madenguwo sayenera kufanana zam'kati, koma kulemera kwake kusatalikirane. Zouma monga mpunga, nyemba ndi mtedza zimatsika mtengo miyezi yotsatira kukolola, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, kotero banja lokhala ndi malo ouma osungira limapindula likagula nthawi imeneyo.

Chotengera ndi chovundikira

Madengu, malichero ndi nsengwa, timene ndi timadengu tating'ono, zolukidwa ndi nsungwi kapena mlaza, zimapezeka pamsika waukulu wa Lilongwe, m'misika ya m'malokeshoni ndi kwa ogulitsa oyenda panjinga ochokera kumidzi. Wogula aligogode dengulo pansi n'kuona ngati pakugwa kaufa koyera, chifukwa kameneko ndi chizindikiro chakuti nsungwi zake zafumbwa ndipo silidzatha chaka. Aonenso ngati mkombero wake wasokedwa mothina ndiponso ngati pansi pake sipakupendama. Dengu latsopano litsukidwe ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka liumiretu, pakuti chinyontho cha m'nyengo ya mvula chimabweretsa nkhungu msanga. Kumene madzi amakatungidwa pakiyosiki kapena pamjigo, ndowa yokhala ndi chivundikiro kapena beseni lolimba limayamikiridwa kuposa dengu, ngakhale silikongola chimodzimodzi.

Pamwamba pake pakutidwe chitenje cha mamita awiri, chimene chimakhalanso mphatso pachokha. Chitenje cha chipani, cha mpingo umene wolandira sapempherako, kapena chotsala pa mwambo wina wake sichiyenera, ndipo kwa munthu wachikulire nsalu ya maluwa ofatsa imalandiridwa bwino kuposa yowala kwambiri. Amayi odziwa nsalu amatikita kangodya kake ndi chala chonyowa kuti aone ngati ikusuluka, ndiponso amaifinya m'dzanja, popeza nsalu yopepuka imalimbitsidwa ndi sitachi amene amachoka pa kuchapa koyamba. Majumbo opyapyala asagwiritsidwe ntchito: malamulo a m'chaka cha 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Kupatula za lamulozo, jumbo imachititsa thukuta ufa ndi mtedza, ndipo imaipitsa maonekedwe a mphatso.

Chinthu chachikulu

Pa Khirisimasi ya Amalawi ambiri mpunga ndi nkhuku ndizo mutu wa chakudya, ndipo palibe chimene chimatsegula mtima wa munthu wachikulire ngati mpunga weniweni wa Kilombero, wa njere zazitali ndi fungo lomveka mpaka panja, umene umalimidwa kwambiri ku Karonga. Vuto lake ndi lakuti pamsika umasakanizidwa ndi mitundu ina yotsika mtengo, ndipo munthu wovuta amazindikira zimenezi poto asanaphulidwe n'komwe. Wogula atape pang'ono, autikite m'manja, auuzire mpweya n'kununkhiza. Ayang'ane ngati njere zake zikufanana utali ndi mtundu, ndi kuchuluka kwa zosweka. Njira yotsimikizika ndi kugula kapu imodzi, kukaphika kunyumba, n'kudzabwerera kwa wogulitsa yemweyo ndi thumba lomwelo. Makilogalamu awiri kapena atatu a mpunga weniweni, wopetedwa ndi kusankhidwa miyala kunyumba, amaposa makilogalamu khumi a wosakaniza.

Nkhuku ikhale yachikuda ndiponso yamoyo, yowala maso, yofiira lipombo, yosatuluka mamina kapena kuodzera, chifukwa nkhuku yodwala chitopa ingathe kukapululutsa khola lonse la apongozi, ndipo mphatso yotero siiiwalika. Nkhuku yamoyo imapatsa wolandira ufulu wosankha kuipha pa tsikulo kapena kuiweta, ndipo siidalira firiji, imene ndi kuthimathima kwa magetsi siikhulupirika.

Pali kusiyana kumodzi kumene wokonza dengu sayenera kukuphonya. Dengu lopita kumudzi, ku Mitundu, ku Nsundwe, ku Nkhoma kapena kutali kwina, limakoma ndi za m'sitolo zimene kumeneko zimadula kapena kusowa: shuga wa ku Nchalo, Dwangwa kapena Salima, mafuta ophikira, mchere wokhala ndi ayodini, masamba a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje, sopo, ndi botolo la Sobo la adzukulu. Dengu lopita kwa mbale wopeza bwino wa m'tauni liyenera kuyenda njira yotembenuza, pakuti iye za m'sitolo ali nazo kale, ndipo chimene amachilakalaka ndi cha kumudzi chokonzedwa mwaukhondo: mfutso wa nkhwani kapena wa chitambe, ndiye kuti ndiwo zamasamba zofutsa ndi kuyanika, nsinjiro zosinjidwa kumene, ufa wa chimera wophikira thobwa, nyemba za mtundu umodzi zosankhidwa bwino, uchi, kapena khofi wa ku Mzuzu kwa amene amamwa. Wa ku Mgona amene akuyesa kupikisana ndi sitolo pogulira achemwali ake a ku Area 10 mabisiketi akunja amangotaya ndalama, pamene chikwatu chimodzi cha mfutso wopanda mchenga chikadakambidwa mpaka Pasaka.

Kwa munthu amene chakudya sichimusowa, chinthu chachikulu chingathe kukhala chiwiya: nyale ya sola, fulasiki ya tiyi, ambulera yolimba, kapu ndi mbale za dongo za ku Dedza, kapena mbaula ya dothi ya Chitetezo imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa.

Chiponde, ndi nkhani ya chuku

Mwa zonse zopangidwa pakhomo, chiponde ndicho chimaonetsa bwino dzanja la wokonza, komanso ndicho chimafuna chisamaliro chachikulu. Mtedza umakololedwa cha mu Epulo mpaka Juni, ndiye kuti umene uli pamsika mu Disembala wakhala m'matumba miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo tsopano wakumana ndi mpweya wa chinyontho. M'mtedza wosungidwa moipa mumamera nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene anthu amaitcha chuku, ndipo nkhunguyi imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene akamadyedwa nthawi yaitali amaononga chiwindi, amatha kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo amathandizira kupinimbira kwa ana. Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti kukazinga kapena kuphika sikuchotseratu poizoniyu, kotero chitetezo chonse chili pa kugula bwino ndi kusankha. Ena amawaza madzi pa makoko kuti asavutike poswa, ndipo mtedza wotero umamveka wofewa ukalumidwa; wouma bwino umathyoka ndi kaphokoso ndipo khungu lake limasupuka mosavuta. Ku Mgona, kumene kumagulitsidwa mtedza wochuluka, wogula ali ndi mwayi woyenda kwa ogulitsa angapo ndi kulawa asanagule. Mtundu wa CG7, wofiira ndi wamafuta ambiri, umapereka chiponde chofewa, pamene Chalimbana, wa njere zazikulu, umakoma kwambiri wokazinga.

Mtedzawo uthiridwe palichero pamalo owala, n'kuchotsa njere iliyonse yofota, yosweka, yoboola tizilombo, yakuda kapena yobiriwira, ndipo zochotsedwazo zitayidwe, zisapatsidwe ana kapena nkhuku. Kukazinga kuchitike pamoto wofatsa, uku akutakasa osalekeza, kwa mphindi 20 mpaka 30, kufikira m'kati mwa njere mutasanduka mofiirira pang'ono. Moto waukali umapsereza kunja n'kusiya m'kati mosapsa, ndipo chiponde chake chimawawa. Ukazizira utikitidwe ndi kupetedwa kuti makungu achoke, kenaka usankhidwenso kachiwiri, chifukwa njere zoonongeka zimene zinabisika m'khungu zimaonekera bwino panthawi imeneyi. Kusinja kuchitike mumtondo wouma ndi woyera kapena kuchigayo cha chiponde, ndi kamchere pang'ono, popanda dontho lililonse la madzi, pakuti madzi ndiwo amaolesa chiponde. Chithiridwe m'botolo lagalasi louma kwambiri. Mafuta akayandama pamwamba patapita masiku, chimenecho si chizindikiro cha kuonongeka, ndipo ndi bwino kumuuziratu wolandira kuti angotakasa.

Jamu wa mango, tsabola ndi ufa wa phala

Disembala ndi nyengo imene mango amachuluka mpaka kuolera pansi, ndipo jamu ndi njira yotsika mtengo yowasandutsa mphatso. Mango alibe asidi wokwanira ndiponso ali ndi pectin wochepa, chinthu cha m'zipatso chimene chimalimbitsa jamu, n'chifukwa chake akupsa amasakanizidwa ndi ochepa osapsetsa ndiponso madzi a mandimu. Pa makapu anayi a mnofu wa mango pamalowa makapu atatu a shuga ndi madzi a mandimu awiri; ngati ndi mango a ulusi wambiri, mnofuwo uyambe wasefedwa. Zonsezi ziwire m'poto wokhuthala pansi, akutakasa ndi mthiko, kwa mphindi 30 mpaka 40, ndipo kuti adziwe ngati wapsa wophika adonthetse pang'ono pambale yozizira, adikire kamphindi, n'kukankha ndi chala: jamu wakupsa amachita makwinya ndipo sayenderera. Mabotolo ndi zivundikiro zake ziwiritsidwe m'madzi kwa mphindi 10, ndipo jamu athiridwe akadali wotentha, n'kutseka nthawi yomweyo. Kuchepetsa shuga pofuna kupulumutsa ndalama kumachititsa kuti jamu achite nkhungu msanga.

Kwa abambo okonda zowawa, tsabola wa kambuzi wouma, wokazinga pang'ono ndi kusinjidwa ndi mchere, amakhala miyezi osaonongeka. Wofuna wamadzimadzi amuphike ndi viniga wokwanira. Chosayenera ndi kuviika adyo kapena tsabola wamuwisi m'mafuta n'kutseka m'botolo, chifukwa mopanda mpweya motero mumatha kukula kachilombo ka Clostridium botulinum, kamene poizoni wake amapha ngakhale chakudyacho chisakununkha kapena kusintha maonekedwe.

Agogo amene mano anatha amathandizidwa kwambiri ndi ufa wa phala wa magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya, wofanana ndi Likuni Phala, amene dzina lake linachokera ku Likuni, kungopitirira Chinsapo. Soya ayenera kukazingidwa asanapite kuchigayo, popeza wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya bwino chakudya ndipo amanunkha uwisi. Chigumu, mandasi ndi zitumbuwa zimakoma koma sizichedwa kuonongeka m'nyengo yotentha ndi ya chinyontho, kotero zilowe m'dengu lokhalo limene likaperekedwe tsiku lomwelo.

Pa zonsezi ukhondo suyenera kunyengereredwa. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023, ndipo nyengo ya mvula ndi imene matenda otsegula m'mimba amafala. Madzi otsukira zipatso ndi ziwiya akhale owiritsa kapena othira klorini, manja asambidwe ndi sopo, ndipo pabotolo lililonse pamatidwe kapepala kolembedwa dzina la chinthucho ndi tsiku limene chapangidwa. Munthu wokayikira za m'khitchini ya eni ake amakhazikika mtima akaona botolo loyera ndi deti lolembedwa bwino.

Matenda ndi chipembedzo

Kwa wodwala shuga, m'dengu musalowe shuga, jamu, uchi kapena zakumwa zotsekemera. M'malo mwake mulowe nyemba, mtedza wosankhidwa, ufa wa mgaiwa, mazira ndi masamba a tiyi. Kwa wodwala kuthamanga kwa magazi chopewa ndi mchere, umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Nsomba zothira mchere ndi timabulo tokometsera ndiwo sizimuyenera, pamene usipa kapena utaka wongoyanika padzuwa ulibe vuto. Pakhomo pamene pali khanda losakwana chaka, makolo auzidwe kuti uchi si wa khandalo.

M'malokeshoni a Lilongwe anthu a zipembedzo zosiyana amakwatirana ndi kukhala moyandikana, ndipo kulakwitsa pamenepa kumapweteka kuposa kusapereka kanthu. Kwa Msilamu sikupita mowa kapena chilichonse cha nkhumba, nkhuku ipite yamoyo kuti akaizinge yekha monga mwa chipembedzo chake, ndipo nthawi imene mphatso imamukomera kwambiri ndi ya Eid, imene chaka chilichonse imabwera mofulumirirapo ndi masiku pafupifupi 11. A Seventh-day Adventist sadya nkhumba kapena nsomba zopanda mamba monga mlamba, ndipo ambiri mwa iwo samwa tiyi ndi khofi, kotero maluwa ouma a chidede angalowe m'malo mwake. A Mboni za Yehova sakondwerera Khirisimasi, ndipo dengu lawo liperekedwe nthawi ina popanda kulimangiriza ku chikondwererocho. Botolo la mowa, ngakhale lodula, lisapite kwa mkulu wa mpingo pongoganiza kuti amalawa mobisa.

Kulongedza ndi ulendo

Zolemera monga mpunga ndi ufa zikhale pansi, m'timatumba tansalu tosokedwa kwa telala kuchokera ku zidutswa za chitenje, mabotolo aime pakati atakulungidwa ndi nyuzipepala, ndipo zosachedwa kuphwanyika zikhale pamwamba. Sopo asayandikane ndi ufa, mpunga, shuga kapena masamba a tiyi, chifukwa zimenezi zimakoka fungo lake m'maola ochepa, ndipo nsomba zouma zimachitanso chimodzimodzi. Chilichonse mwa ziwirizi chiyende m'mtolo wakewake. Mitengo yomatidwa pa katundu ichotsedwe, ndipo deti lothera mphamvu la chogula chilichonse lionedwe, makamaka pa zotsitsidwa mtengo za kumapeto kwa chaka.

Wokwera minibasi kapena kabaza akumbukire mvula, matope ndi katundu wa anzake amene adzaponderezedwe pamwamba pa wake. Dengu liyende pamiyendo ngati kungatheke, ndipo nkhuku imangidwe miyendo ndi nsalu yofewa, isatsekeredwe m'thumba lopanda mpweya. Kutumiza dengu kudzera kwa kondakitala kapena kwa mwana kumachotsa theka la ulemu wake, ndipo kwa munthu wovuta ndi bwino kuchedwa ndi masiku angapo n'kukapereka pa Chaka Chatsopano kusiyana ndi kutumiza.

Kaperekedwe

Mphatso siiperekedwa pakhomo munthu ataimirira, kapena moni asanathe. Alendo akhale pansi, afunsane za moyo, za ana ndi za mvula, ndipo pambuyo pake dengu libwere, loperekedwa ndi manja awiri, mkazi atagwada kapena mwamuna atanjuta monga mwa mwambo wa pakhomopo. Kwa makolo a mwamuna, amene amanyamula ndi mtengwa, mwamuna wake n'kulankhula. Kwa makolo a mkazi, mwana wawo ndiye amapereka, koma amatchula mwamuna wake kuti ulemu umufike. Mawu ake amakhala ochepa ndi odzichepetsa: "Amayi, tinati tidzakuoneni, ndiye bambo a kunyumba anati titengeko kangachepe aka kuti mumwere madzi." Kutchula mtengo, kufotokoza mavuto amene anaoneka pogula, kapena kupepesa mobwerezabwereza kuti zachepa, zonsezi zimaika wolandira pa ngongole. Chololedwa kutchulidwa ndi dzanja limene lagwira ntchito, monga kunena kuti chipondecho wasinja ndi mdzukulu wawo, pakuti agogo amene angapeze chilema pa chinthu chogula sapeza chilema pa cha mdzukulu.

M'makomo ambiri wolandira amangothokoza n'kulowetsa dengu m'nyumba osalivundukula pamaso pa alendo, ndipo wopereka asaone ngati kumeneko ndi kunyoza. Kuyamikira kwenikweni kumadzamveka patapita masiku, nthawi zambiri kudzera kwa munthu wina. Ngati apongozi anena mawu obaya, monga kuti chaka chatha mpunga unali wochulukirapo, yankho loyenera ndi "Zikomo, Amayi, tamva," ndipo nkhaniyo isapitirire pamenepo kapena kukafika pagulu la WhatsApp la banja.

Pali mwambi wakuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, ndipo potsata mwambo umenewu chotengera chimene chabwera ndi chakudya sichibwerera chopanda kanthu. M'miyezi ya zokolola zimenezi sizivuta, koma mu Disembala, pamene nkhokwe zambiri zili pafupi kutha, dengu lalikulu lofuna kubwezedwa lodzaza limasautsa wolandira, ndipo ena mwa amene amaoneka osakondwa amakhala akulingalira chimene abweze. Wopereka anene momveka kuti dengu ndi chitenje chake ndi za pakhomopo, sizibwerera. Ngati makolo aumirirabe kupereka mango, nkhwani za m'munda kapena kamsoti, zimenezo zilandiridwe ndi manja awiri ngakhale kunyumba ziliko kale, chifukwa kukana kumawauza kuti alibe chimene angapatse ana awo, ndipo pa chifukwa chimenechi wopita kumudzi atengeretu kathumba kena kopinda konyamulira zobwerera nazo.